Za Ulendo wa Legson Kayira, ndi za Nyumba Imene Inamlandira



Pa tsiku lotere la cikondwerero anthu akonda kuwerenga nyumba zimene zinamangidwa ndi maina a iwo amene anazimanga, ndipo anzathu agwira bwino nchito imeneyo. Ife tapatsidwa kanthawi kuti tinene za cinthu cina cimene sukulu icita, cimene siciwerengedwa kawirikawiri, ndico ici: sukulu icotsa ana pamudzi. Mwana akadziwa kuwerenga mapu, tsiku lina adzafuna kuponda ndi mapazi ace pamene cala cace cinaloza. Ndipo akapita adzagona m'nyumba ya munthu amene amace sanamuone ndi kale lonse, nadzadya cakudya cophikidwa ndi manja acilendo. Cifukwa cace tifuna kusimba mbiri ya mnyamata mmodzi wa dziko lino, Legson Kayira, amene anacoka kwao m'caka ca 1958 nafika ku America m'caka ca 1960. Ndipo makamaka tifuna kuti tilingalire pamodzi za nyumba imene inamtsegulira citseko.

Mnyamatayu anabadwira m'mudzi wa Mpale, kumapiri a kumpoto kwa dziko lathu. Tsiku la kubadwa kwace silinalembedwe m'buku liri lonse, monga momwe zinakhalira ndi makolo athu ambiri. Olemba mbiri angoti kunali pafupi ndi caka ca 1942. Iye mwini anasimba kuti ali khanda amace anamponya mu mtsinje wa Didimu, pakuti umphawi unawapanikiza, nasowa comlerera; koma munthu wina anambvuula, ndipo kuyambira pamenepo anamucha Didimu. Asafulumire wina kuweruza mai ameneyo, pakuti tidzakomana naonso pa khomo, alikumanga kamba wa mwana yemweyo. Dzina lakuti Legson anadzipangira yekha ali pa sukulu, pofuna dzina lomveka ngati la Azungu. Odziwa Cingerezi aseka akalimva, popeza ukaling'amba pawiri limveka ngati "mwana wa mwendo". Ndipo ndithu miyendo yace inalikwaniritsa dzinalo.

Anaphunzira ku Livingstonia, pa phiri la Khondowe, pamene Dr. Robert Laws anayamba sukulu yace yaikuru m'caka ca 1894. Kumeneko anawerenga za Abraham Lincoln, mwana wa anthu osauka amene anakhala mtsogoleri wa America, ndi za Booker T. Washington, amene anabadwa kapolo nadzakhala mphunzitsi womveka. Pamenepo mnyamatayo anati mumtima mwace, Dziko limene linalera anthu awa, ndidzapita ine ndikaphunzire komweko.

Ana a lero angafunse kuti, Nanga analekeranji kuphunzira konkuno? Kumbukirani kuti masiku amenewo m'Nyasaland munalibe yunivesite. Ya Malawi inalandira ophunzira ace oyamba m'caka ca 1965. Sukulu za sekondale zokwanira zinali zowerengeka pa zala: ya ku Blantyre inatsegulidwa mu 1940, ya ku Zomba mu 1942, ya ku Dedza mu 1951. Ofuna maphunziro opambana anayenera kupita ku Makerere, ku Fort Hare kapena ku Salisbury, ndipo khomo limenelo linali lopapatiza, lolowa iwo okha amene anapeza wowalipirira. Dziko lomwe linali losakhazikika, pakuti Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinali citakhala zaka zisanu, anthu osacifuna, ndipo Dr. Banda anali atangofika mu July wa caka comweco ca 1958. Mwana wa m'mudzi wa kumapiri, wopanda mbale ku boma ndi wopanda ndalama, analibe pogwira.

Tsono anauza amace kuti alikupita ku America. Maiwo sanadziwe kumene kuli America, ndipo anamkonzera kamba wa masiku asanu. Pa 14 October, 1958, mnyamatayo ananyamuka wopanda nsapato, atatenga kankhwangwa, bulangete, mapu, ndi mabuku awiri, ndiwo Baibulo ndi buku lija la John Bunyan la ulendo wa Mkristu. Pa malaya ace panalembedwa mau a sukulu yace, otanthauza kuti, Ndidzayesa. Maganizo ace anali akuti ayende pansi kufikira ku Cairo m'dziko la Egypt, ndipo kumeneko akapemphe nchito pa sitima ya pamadzi yomuolotsa nyanja.

Kamba wa masiku asanu anatha monga kamba atha, ulendo usanayambe nkomwe. Anapyola m'Tanganyika, nafika ku Mwanza m'mbali mwa nyanja ya Victoria m'caka ca 1959, nafika ku Kampala m'dziko la Uganda kuciyambi kwa 1960, itapita miyezi 15 cicokere kwao. Kuyenda kwace kunali kotere: akafika pamalo agwire ganyu, apezeko tindalama, ayendenso kufikira titatha. Pano tifuna kuima pang'ono, pakuti osimba mbiriyi athamangira ku America naiwala za m'njira. Munthu sakhala ndi moyo miyezi 15 pa ulendo popanda omtsegulira. Analipo amai a ku Tanganyika amene anaonjezera ufa mumphika cifukwa ca mnyamata wosamva cinenero cao. Analipo madoda amene anamloza pogona, namuuza njira yopewa zirombo. Maina ao sanalembedwe m'nyuzipepala, koma iwo ndiwo anayamba kumlandira. Nyumba ya ku America inali yotsiriza pa mndandanda wautali wa nyumba.

Ku Kampala analowa m'nyumba ya mabuku ya boma la America, napeza buku la maina a makoleji a dziko limenelo. Dzina limene maso ace anagwerapo linali la Skagit Valley, koleji yaing'ono ya mu mzinda wa Mount Vernon, m'cigawo ca Washington. Ena asokoneza cigawo cimeneci ndi mzinda wa Washington kumene kukhala boma. Ziri zosiyana, ndipo zitalikirana monga kum'mawa ndi kumadzulo kwa dziko lonselo. Analemba kalata yopempha malo, ndipo yankho linabwera lakuti amlandira, ndi kuti sadzalipira maphunziro. Koma malo a m'kalasi saolotsa munthu nyanja. Anapitirira ulendo kumpoto, nalowa m'Sudan, nafika ku Khartoum m'mwezi wa September, 1960, atayenda mamailosi opitirira 2,000, ambiri a iwo pa mapazi. Kumeneko akazembe a America sanathe kumpatsa cilolezo colowera m'dziko lao popanda ndalama za ulendo. Koma mmodzi wa iwo anamva mbiri yace, nalembera kalata ku koleji ija. Ophunzira a kumeneko, amene sanamuone nkhope, anasonkha ndalama pamodzi ndi anthu a mumzindamo, madola opitirira 1,000, zokwanira kumkweza ndege.

Zaka zomwezo ana ena a Africa analikuoloka nao. Mu September 1959 Tom Mboya wa ku Kenya anatumiza ophunzira 81 pa ndege imodzi kupita ku America, ndipo ambiri anawatsata m'zaka zotsatira. Koma iwo anali ndi owakonzera njira, ndi anzao olankhula nao cinenero ca kwao pa ndegepo. Wa ku Mpale anali yekha.

Panatsala cinthu cimodzi, cimene ndalama zosonkha sizikanagula. Mnyamatayo akafika adzagona kuti? Pamenepo banja lina la Azungu, lokhala kunja kwa mzinda wa Mount Vernon, lokhala kale ndi ana ambiri a iwo okha, linati, Abwere kwathu. Ndipo mu December 1960, masiku a Krisimasi ali pafupi, Legson Kayira anatsika ndege ku Seattle, mtunda wa mamailosi ngati 60 kumwera kwa Mount Vernon, natengedwa kupita ku nyumba imeneyo.

Kuti timvetse kulemera kwa mau aja akuti "abwere kwathu," tiyenera kudziwa America wa caka cimeneco. Pa 1 February, 1960, anyamata anai akuda a mu mzinda wa Greensboro anakhala pa mipando ya m'nyumba yodyera imene inali ya Azungu okha, nakanizidwa cakudya, nakana kucoka. Pa 14 November, mwezi umodzi wokha Kayira asanafike, kamtsikana ka zaka 6, dzina lace Ruby Bridges, kanalowa m'sukulu ya Azungu ku New Orleans kataperekezedwa ndi apolisi a boma, makamu a anthu alikukatukwana pa mseu, ndipo makolo ambiri anacotsa ana ao pa sukulupo. Lamulo loletsa tsankho lotere m'malo a anthu onse linadza mu 1964. Nzoona kuti cigawo ca Washington ciri kutali ndi madera a kumwera kumene tsankho linali lolembedwa m'malamulo. Koma mtima wa tsankho sufuna lamulo kuti ukhale, ndipo m'cigwa ca Skagit anthu akuda anali osowa ndithu. M'dziko limenelo, m'caka cimeneco, mai wina anaika mbale ya mnyamata wakuda pakati pa mbale za ana ace, namyalira pogona pansi pa denga limodzi ndi iwo. Ife tiyesa kuti cimeneci sicinali cacing'ono. Kuponya dola m'mbale ya zopereka nkwapafupi, pakuti dola ukapereka wapita; koma mlendo wa m'nyumba udzamuona m'mawa ndi madzulo, ndipo anansi adzamuona nao.

Tsopano tiyeni tilowe naye m'nyumbamo, tione zimene mwana ali yense wa kwathu apeza polowa m'nyumba yotere.

Coyamba ndi dziko lenilenilo. Cigwa ca Skagit ndi ca minda ndi ng'ombe za mkaka, ndiponso cidziwika ndi minda ya maluwa. Kum'mawa kwace kuli mapiri obvala cipale cofewa, kumadzulo kuli nyanja ya mcere. Mu December, pamene kwathu cimanga ciri m'maondo ndipo thukuta liri kamukamu polima, kumeneko ndi pakati pa nyengo ya cisanu. Dzuwa lituruka ngati 8 koloko, nililowa itangopitirira 4 koloko, ndipo masiku ambiri silioneka konse cifukwa ca mitambo ndi mvula yowaza. Munthu wocokera ku Khartoum, kumene dzuwa liwamba ngati moto, analowa m'mdima wozizira umenewo m'masiku owerengeka. Miyendo inazolowera kusintha dziko pang'onopang'ono, phiri ndi phiri, mtsinje ndi mtsinje. Ndege simpatsa munthu nthawi yotere.

Koma cisanu cigonja ndi cikhoto. Zobvuta zenizeni ziri pa gome la cakudya. Kwathu mlendo safunsidwa ngati ali ndi njala. Amai angolowa m'khichini, madzi osamba m'manja nabwera, nsima nitsata. Kufunsa mlendo kuti, Kodi mudya? ndiko kumuuza kuti mulibe ufa, kapena kuti simufuna kumpatsa. Ndipo mwana woleredwa bwino akafunsidwa cotero ayankha kuti, Iai, zikomo, ndakhuta, ngakhale m'mimba mulikulira. Koma m'nyumba za ku America afunsa, ndipo afunsa kamodzi. Ukati iai akhulupirira, pakuti kwa iwo kukakamiza munthu cakudya ndiko kusamlemekeza. Taonani tsono, anthu awiri aulemu, yense alikucita mwambo wabwino wa kwao, ndipo mmodzi agona ndi njala. Ndipo ngakhale adye, adya buledi, mbatata ya kacewere, nyama ndi mkaka, nsima palibe. Ife tonse tidziwa kuti munthu wa kuno akadya zonsezo popanda nsima, pogona ati sanadye.

Pa gome lomwelo akhala bambo, mai, anyamata ndi atsikana, onse pamodzi, ndipo ana alankhula pakudya, natsutsana ndi atate ao, atate naseka. Mnyamata amene anaphunzitsidwa kudya ndi amuna okha, kukhala cete pamaso pa akuru, kulandira cinthu ndi manja awiri, ndi kuyang'ana pansi polankhula ndi wamkuru, aona ngati walowa m'nyumba yopanda mwambo. Eni nyumba naonso azizwa. Kwa iwo mwana wosayang'ana m'maso ali ndi cobisa, ndipo mwana wosalankhula pa gome ali wokwiya kapena wodwala. Adzamfunsa kawirikawiri kuti, Kodi cabvuta nciani? pamene iye alikungopereka ulemu wonse umene amace anamphunzitsa. Akatha kudya aona bambo wa nyumba alikutsuka mbale, ndipo sadziwa ngati ayenera kumlanda nchitoyo kapena kuthawa ndi manyazi.

Palinso kugona. Anyamata a kwathu akula ali m'mphala, anai kapena asanu pa mphasa, nkhani ziri m'kamwa kufikira tulo titawalanda. Wogona yekha m'nyumba ndiye wodwala kapena wosalidwa. Azungu akafuna kulemekeza mlendo ampatsa kama wace, ndipo kukakhala kotheka cipinda cace, natseka citseko kuti apumule. Mphatso imeneyo ndi yaikuru m'maso mwao. Koma usiku woyamba mwana wa kumudzi aimva ngati ndende. Palibe galu wouwa, palibe mtondo wa m'bandakuca, palibe wokuwa kutsidya. Pamenepo ndipo munthu akumbuka kwao. Pa ulendo sakumbuka kwambiri, pakuti mtima uli pa njala ndi pa minga ya m'mapazi. Cisoni ca kwao cidikira kuti munthu akhute ndi kufunda, ndipo pamenepo cimgwira pakhosi.

Akuru anati mlendo ndi mame. Ananena za mlendo wa masiku awiri, amene umphera nkhuku ndi kumperekeza. Koma uyu sanali mame; anadza kudzakhala miyezi ndi zaka. Mlendo wotere sangadye nkhuku masiku onse, ndipo nyumba imene ipitirira kumcitira ngati mlendo imlakwira, pakuti cikhalire ali mlendo sali wa pamenepo. Tsiku limene mai wa nyumba amtuma kukataya zinyalala, kapena amdzudzula cifukwa ca matope a pa nsapato monga adzudzula ana ace, tsiku limenelo ndilo amlandiradi. Ife aphunzitsi tiona comweco ndi ana ogonera pa sukulu kapena okhala kwa acibale: amene atumidwa ndi kukalipiridwa pamodzi ndi eni nyumba akhazikika, koma amene angopatsidwa ulemu auma ngati mbeu yookedwa pa thanthwe.

Kwa Kayira cimeneci cinali cofunika koposa, cifukwa kunja kwa nyumbayo iye anali cozizwitsa. Mbiri yace inamtsogolera. Nyuzipepala za America zinalemba za mnyamata woyenda pansi kufuna sukulu, ndi magazini ya Time yomwe inalemba. Anaitanidwa kukalankhula m'misonkhano yambiri, ndipo konse anthu anafuna kumva nkhani imodzimodziyo, ya mapazi opanda nsapato ndi kamba wa masiku asanu. Kuchuka kotere kukoma poyamba, koma kulemetsa. Munthu asanduka nthano yace yomwe, ndipo palibe amfunsa za masamu amene amsautsa kapena za dzino limene limuwawa. Wotere asowa malo amodzi pamene sali cozizwitsa, pamene ana alimbana naye pa mpando wa pafupi ndi moto. Cimene koleji sinathe kumpatsa, ndi cimene misonkhano sinathe, ndico cimeneci. Ndipo cipezeka m'nyumba mokha.

Tisaiwale mai uja wa ku Mpale. Masiku asanu anatha, mwezi unatha, dzinja linadza kawiri. Iwo sanadziwe kuwerenga. Kalata yocokera kutali inayenera kudikira wina wa sukulu kuti aiwerenge, ndipo yankho linayenera kupyola m'dzanja la wina. Mau a mai ndi mwana analikuyenda ngati mlandu, mwa nkhoswe. Tsono panali amai awiri, wina wombala, wina womdyetsa, nyanja ndi maiko ziri pakati pao, wina osadziwa cinenero ca mnzace. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, tinena kawirikawiri mwambi umenewu, ndipo tiunena mopepuka. Koma tiunena tiri mbali ya wolandira. Tikhale mbali inayo, ya iye amene mwana wace wasanduka wa wina, ndipo tidzamva kuti mwambiwo uli ndi mano.

Za m'tsogolo mwace tinena mwacidule. Atatha pa Skagit Valley anapita ku University of Washington mu mzinda wa Seattle, naphunzira za kayendetsedwe ka maiko. Pambuyo pace anaoloka kupita ku England, naphunzira mbiri yakale pa St Catharine's College ku Cambridge. M'caka ca 1965 anaturutsa buku la ulendo wace, locedwa I Will Try, ndipo linawerengedwa m'maiko ambiri. Analembanso mabuku a nthano: The Looming Shadow mu 1967, Jingala mu 1969, The Civil Servant mu 1971, ndi The Detainee mu 1974. Anakhazikika ku England, nagwira nchito ya boma yoyang'anira anthu amene mabwalo a mirandu anawaika pa ciyeso.

Apa ndipo pali funso limene makolo alikulisunga mumtima, ndipo sitidzalilambalala: Kodi anabwera? Ena amene anamtsogolera pa njira ya ku America anabwera. John Chilembwe anapita ndi Joseph Booth mu 1897, naphunzira ku Lynchburg m'cigawo ca Virginia, nabwera mu 1900 kudzayamba nchito yace ku Mbombwe. Daniel Malekebu, ali mnyamata, anatsata mphunzitsi wace Emma DeLany kufikira ku America, naphunzira za udokotala ku Meharry, ndipo angakhale boma la Azungu linamkaniza poyamba, analowa mu 1926 nautsa misyoni ya ku Chiradzulu. Kamuzu Banda anaoloka mu 1925, nabwera zitapita zaka zoposa 30. Koma Legson Kayira sanabwere kudzamanga kuno. Dziko limene analisiya liri m'manja mwa Azungu linalandira ufulu mu 1964, ndipo caka comweco nduna zinagawanika, ophunzira ambiri nathawa. Zaka zotsatira anthu analikutsekeredwa popanda mlandu, ndipo mabuku analikuletsedwa. Buku lace la The Detainee linena za munthu wamba wa kumudzi wogwidwa mu ulamuliro wankhanza wa mtsogoleri mmodzi. Wolemba zotere m'zaka zimenezo sakanatsika ndege pa Chileka ndi mtima uli m'malo. Cifukwa cace ife sitimuimba mlandu, ndiponso sitinena kuti nyumba ya ku America inamuba. Mwana asabwera pa zifukwa ziwiri: pena kumene anapita kwamkomera, pena kumene anacokera kwamtsekera.

Komabe mtengo wace unalipidwa, ndipo iye anaudziwa. Wowerenga Jingala apeza nkhalamba ya kumudzi, imene kale inali yokhometsa msonkho, mkazi wace atamwalira, iri ndi mwana mmodzi wamwamuna amene inamtumiza ku sukulu ya ansembe. Ndipo mwanayo afuna kukhala wansembe, ndiko kunena kuti sadzakwatira, sadzabala, ndipo dzina la atate wace lidzathera pa iye. Nkhalambayo ilimbana ndi sukulu kuti ibweze mwana wace, ndipo siipambana. Tiyesa kuti munthu amene analemba nthano imeneyo, ali m'dziko la cisanu, sanaiwale amene anammangira kamba. Analemba za midzi yathu ndi cifundo ndi kuseka komwe. Koma analemba m'Cingerezi, cinenero cimene amace sakanamva ngakhale wina akanawawerengera.

Lero ana athu aoloka ambiri, anyamata ndi atsikana omwe, ena ku sukulu, ena ku nchito. Sayendanso pansi kufikira ku Khartoum, ndipo akafika madzulo omwewo amai amva mau ao pa foni, naona ndi nkhope yomwe. Cimeneci ncabwino, ndipo tisacipeputse. Koma cinthu cija sicinasinthe: mwana akatsika ndege alowa m'nyumba ya munthu, ndipo moyo wace ukhala m'manja mwa mwini nyumbayo. Ndipo nyumba ziri mitundu iwiri, yolandira mwana ndi yogula mwana. Pa khomo zifanana. Tonse tinamva za atsikana a dziko lino amene analonjezedwa nchito zabwino ku Oman, ndipo atafika analandidwa ziphaso zao za ulendo, nagwiritsidwa nchito usana ndi usiku m'nyumba za eni, ena namenyedwa. M'caka ca 2024 kunamveka kuti oposa 50 anaomboledwa nabwera kwao. Iwonso anauzidwa kuti, Abwere kwathu. Tsono inu makolo, wina akadza ndi mau okoma ofuna kutenga mwana wanu, musacite manyazi kufunsa monga mufunsa pa cikwati. Nyumbayo nja yani, ndipo iri mu mzinda uti? Ndani wa kuno amene anagonamo nabwera, kuti timuone ndi maso? Ciphaso ca mwanayo cidzakhala m'thumba la yani? Wolandira mwana ndi mtima woona sakwiya ndi mafunso otere, pakuti iyenso akanafunsa za wace. Mai wa ku Mpale analibe womfunsa, ndipo mwana wao anagwa m'manja abwino. Si onse agwa cotero.

Ndipo inu ana, amene maso anu tawaona alikung'anima pomva za ndege, sungani kanthu aka. Mukadzalowa m'nyumba ya eni, nimufunsidwa ngati mufuna cakudya, nenani zoona. Mukaona mwambo wacilendo, musafulumire kunena kuti anthu awa alibe mwambo. Funsani, pakuti iwonso alikuzizwa ndi wanu. Tsukani mbale musanatumidwe. Ndipo tsiku lina pemphani mphika, mufune ufa kumene ungapezeke, muwaphikire nsima, adye ndi manja, kuti iwonso akhale alendo kamodzi pa gome lao lomwe.

Legson Kayira anamwalira ku London pa 14 October, 2012, tsiku lomwelo la mwezi limene anacokera ku Mpale, zitapita zaka 54. M'caka ca 2014 anthu ena a ku America anamanga sukulu ya ana m'mudzi wa Chimphamba ku Mchinji, naicha dzina lace. Mudziwo uli kutali ndi kwao, pakati pa Acewa, ndipo ana a kumeneko alowa m'mawa uli wonse pa khomo lolembedwa dzina la mnyamata wa kumapiri a kumpoto.